Mwana wa zaka ziwiri akhoza kugona m'tenti kumapiri a Dowa ndi Ntchisi

Tchuthi chikangofika, galimoto za mu Lilongwe zimandandana mumsewu wa ku Salima. Zimakwera ndi kutsika zitunda za Dowa, kudutsa pa Chezi ndi pa Mvera, aliyense mtima uli kunyanja. Zikaima ndiye kuti eni ake akugula tomato kapena chimanga chootcha, basi ulendo. Mukafunsa makolo a ana aang'ono chifukwa chimene sapatukira kumapiri akuwadutsawo, yankho limakhala limodzimodzi: zogona m'matenti n'za azungu a zikwama kumsana, ndipo mwana amene wangoyamba kumene kuyenda sapita naye kuthengo.

Ine ndine mayi, kwathu ndi kwa Msakambewa ku Dowa, koma ntchito inandikhazika mu Lilongwe. Ndinagonapo m'tenti m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi pamodzi ndi amuna anga ndi mwana wathu wamkazi ali ndi zaka ziwiri. Ndikulemba kuti ndinene poyera kuti zimenezi n'zotheka, n'zabwino kwa mwana, ndipo mabanja ambiri a kuno kwathu ayenera kuyesa. Zoopsa zilipo ndithu, koma si zimene anthu amathamangira kutchula.

Tisananyamuke, apongozi anga anandiitanira pakhonde. "Apongozi, nyumba muli nayo, bedi muli nalo. Mwanayu walakwanji kuti akagone kutchire? Kumeneko kuli mphepo, kuli afisi, kuli ndi zina zosatchula." Mawu awo ndinawalandira ndi manja awiri. Iwo analera ana m'zaka zimene chikuku ndi malungo zinkatenga ana ambiri asanakwanitse zaka zisanu, ndipo munthu amene anaona zotere sachita masewera ndi usiku wa mwana. Mantha a agogo athu ali ndi pochokera.

Komabe tinene chilungamo: ana athu amagona kale panja. Pamaliro, amayi akachuluka sakwana m'nyumba ya siwa, ena amayala zitenje pakhonde kapena pansi pa chitenti, ana ali pambali pawo mpaka kucha. Ku misonkhano ya misasa ya mpingo, mabanja amamanga timisasa ta udzu n'kugonamo masiku angapo, makanda ndi ana oyenda omwe. Pa zitando za odikirira odwala m'zipatala za maboma athu, mwana amagona pa simenti yozizira pafupi ndi mafuwa. M'zaka za njala, amayi agonapo pamzere pa misika ya ADMARC kudikira chimanga, ana ali kumbuyo. Konseko sitimva munthu akufunsa ngati mwanayo ali ndi neti, ngati madzi amene akumwa ndi owiritsa, kapena ngati wavala zofunda zokwanira. Tulo ta panja timativomereza tikakhala ta mavuto kapena ta mapemphero. Tikakhala tosangalalira, tokonzekeredwa bwino, mayi atasankha yekha tsiku ndi malo, pamenepo ndiye timati n'zachilendo. Ine ndikuona kuti pamenepa tinasokoneza zinthu.

Mapiri amenewa anasungapo ana kalekale. M'zaka za m'ma 1800, Angoni a Chiwere atakhazikika m'dera la Dowa, Achewa ambiri ankathawa nkhondo n'kukabisala m'mapiri ngati Kongwe ndi m'nkhalango ya Ntchisi. Amishoni a Dutch Reformed amene anatsegula Mvera mu 1889 ndi Kongwe mu 1894 anafika nkhondozo zisanazilale. Amayi amene ankabisala kumeneko sankasiya ana kumudzi. Ifeyo ndife zidzukulu zawo, ndipo zimandiwawa kuti lero mlendo wochokera ku Ulaya amaidziwa nkhalango ya Ntchisi kuposa mwana wobadwira pa Mponela.

Kwa amene simunafikeko, ndi pafupi. Kuchokera ku Lilongwe mumatenga msewu wa M1 mpaka pa Mponela, n'kukhotera ku boma la Ntchisi, kenako msewu wafumbi wolowera cha ku Chinthembwe. Nkhalangoyi inakhala yotetezedwa ndi boma mu 1924. Phiri lake ndi lotalika kupitirira mamita 1,600, pamene Lilongwe ili pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000, n'chifukwa chake mpweya wa kumeneko ndi wina. M'munsi muli miombo ndi misuku ngati ya kwina kulikonse. Mukakwera pang'ono mumalowa m'mitengo italiitali yosayoyola masamba chaka chonse, yokutidwa ndi ndere ndi zilambe, pansi pali chinyezi ngakhale m'chilimwe. Nkhalango za mtundu umenewu zatsala zochepa kwambiri m'chigawo chapakati. M'mphepete mwake muli nyumba yakale imene inamangidwa mu 1914 kuti azipumuliramo bwana DC wachitsamunda, ndipo pano ndi malo ogona alendo otchedwa Ntchisi Forest Lodge. Kukacha kopanda nkhungu, nyanja imaoneka kum'mawa pamodzi ndi mapiri a ku Mozambique kutsidya.

Mwana wa zaka ziwiri alibe nazo ntchito zonsezi, ndipo kholo liyenera kuvomereza zimenezi lisanatuluke m'nyumba. Sakwera phiri, safuna kuona Mozambique. Wanga ankayenda pang'ono n'kukhala pansi chifukwa waona tsamba lofiira, kenako mzere wa nyerere zonyamula chakudya, kenako nkhono pa tsinde la mtengo. Pa nkhonoyo tinakhalitsa mpaka inatulutsa tinyanga take, ndipo mwanayo anaseka chiseko chimene sindinachimvepo kunyumba. Akuluakulu aja sananame, kuona maso a nkhono n'kudekha. Nchima zitalumpha m'mitengo pamwamba pathu, anakuwa n'kuloza mpaka zinathawa, ndipo tsiku lonse ankangoyang'ana kumwamba kuzifunafuna. Atatopa ndinamubereka ndi chitenje, n'kugona kumbuyo tikuyenda. Pamwamba penipeni pa phiri sitinafikepo, ndipo sikunali kofunika.

Usiku ndi umene unali wovuta poyamba. Mwana wobadwira m'tauni sadziwa mdima weniweni, poti ngakhale magetsi atazima pamakhala kuwala kwa galimoto kapena kwa sola ya aneba. Kumeneko dzuwa likalowa, kwada basi. Analira, anakana kulowa m'tenti, anandikakamira m'khosi. Bambo ake anamunyamula n'kumazungulira naye pabwalo, akumulozera nyenyezi ndi kumuimbira nyimbo zomwe amamuimbira kunyumba, mpaka mutu unalemera. Pakati pa usiku changa analira m'mitengo, ndipo kulira kwake kuli ngati kwa khanda losiyidwa lokha. Mwana anadzidzimuka n'kunena kuti, "Amama, mwana akulira." Mlonda wa pamalopo anayankhira panja motsitsa mawu: "Ndi changa ameneyo mayi, musade nkhawa, gonani." M'mawa mwanayo ndiye anayamba kudzuka, akufuna kukamuona changayo.

Pali ena amati n'kutaya ndalama chifukwa mwana wa msinkhu umenewu sadzakumbukira chilichonse. Zoona, sadzakumbukira. Sakumbukiranso kuyamwa, sakumbukira amene anamugwira dzanja pophunzira kuyenda, koma zonsezo ndi zimene zinamuumba. Ana ambiri a m'tauni akukulira mkati mwa mpanda wa njerwa, geti lili chitsekere, m'manja muli foni ya amayi awo. Sindikuweruza makolo, mipandayo tinamanga chifukwa cha akuba ndipo ine ndemwe ndimakhala mumpanda. Koma mwana wotere amafika zaka zisanu akuopa kuponda dothi opanda nsapato, akuopa nkhuku, akuopa kupita kwa agogo ake. Chimene ndinkafuna n'chakuti wanga adziwe ndi thupi lake kuti kunja kwa geti kuli mitengo, mdima ndi zamoyo zina, ndipo munthu amagona pakati pa zimenezo n'kudzuka bwinobwino.

Tsopano zoopsa zenizeni. Afisi si nkhani kwa banja limene lagona pamalo odziwika, pali mlonda ndi moto. Choyamba kuopa ndi chisanu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mapiri amenewa amazizira kwambiri usiku, nkhungu imatsika, mphepo ya mwera imawomba, ndipo kathupi ka mwana kamataya kutentha msanga kuposa ka munthu wamkulu. Tchuthi cha pa 6 Julayi musachisankhe. Mwezi wa Meyi ndi wabwino, mvula itatha koma kusanazizire kwambiri, ndipo uli ndi tchuthi pa 1 ndi pa 14. Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala nakonso ndi bwino. Mu Okutobala tchire limakhala louma ndipo moto wa osaka mbewa umalusa, pamene m'dzinja kuli mphezi, matope ndi udzudzu wambiri. Kuzizira kumachokera pansi, choncho yalani mphasa, pamwamba pake matiresi, osati chitenje chokha. Mwana amatokosa bulangete ali m'tulo, ndiye ndi bwino kumuveka juzi, masokosi ndi chipewa n'kumugoneka pakati pa makolo ake. Akanyowetsa zovala, musintheni nthawi yomweyo, musadikire kuche.

Chisanucho ndi chimene chimabweretsa ngozi yoposa zonse, ndipo apa ndikupempha kuti mundimvetsetse. Mbaula isalowe m'tenti. Ngakhale makala ataoneka kuti atsala pang'ono kuzima, isalowe. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, ndipo mwana, poti amapuma mofulumira ndipo ndi wochepa thupi, ndiye amayamba kugonja. Makolo amaganiza kuti wagona bwino. Mabanja atayapo anthu motere m'nyumba za njerwa zomwe, nanji m'tenti yotseka zipi. Kandulo, koloboyi ndi mankhwala ofukiza a udzudzu nazonso zikhale panja, chifukwa nsalu ya tenti ikangogwira moto imasungunuka nthawi yomweyo. Tochi kapena nyale ya sola ndi zokwanira.

Moto wa panja nawo umafuna maso. Aliyense amene analowapo m'chipinda cha odwala zilonda za moto pa chipatala chachikulu cha Kamuzu m'miyezi yozizira amadziwa kuti ambiri ogona mmenemo ndi ana aang'ono, ena anagwera pamoto, ena anadzikhuthulira phala kapena madzi a tiyi. Mwana woyamba kuyenda amapunthwa pa chilichonse ndipo moto umamukopa. Phulusa la m'mawa limaoneka lozizira pamwamba pomwe pansi pali makala amoto, ndiye thirani madzi musanakagone. Nthawi iliyonse pakhale munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi mwana basi, ndipo azinena momveka akamamusiyira mnzake. Abambo, apa ndikulankhula ndi inu. Ngati ulendo wanu ndi wakuti mayi aphike, atunge madzi, achape, athamangitsane ndi mwana, inu muli pampando ndi botolo, mwangosamutsira ntchito za mayiyo kuthengo kumene n'zovuta kuposa kunyumba, ndipo sadzavomeranso kupita. Kwa ife zinayenda chifukwa wina akamaphika, wina amakhala ndi mwana.

Ambiri amakhulupirira kuti kumapiri kulibe malungo. Udzudzu umachepako kumtunda kozizira, koma sutheratu, makamaka pafupi ndi midzi ndi m'madambo. Kumbukirani kuti pamene dziko la Malawi linakhala loyamba padziko lonse kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'masikelo mu 2019, Ntchisi inali limodzi mwa maboma 11 amene anasankhidwa, ndipo sanasankhe maboma opanda malungo. Katemerayo amachepetsa matendawa koma salowa m'malo mwa neti. Tsekani zipi ya tenti dzuwa lisanalowe, onani ngati palibe pong'ambika, ndipo ngati mukukayika mangani neti mkati momwemo. Malungo saonekera tsiku lomwelo, amatenga sabata kapena kuposerapo. Mwana akatentha thupi mutabwerera kunyumba, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze magazi, ndipo muwauze adokotala kumene munagona. Osangomugulira LA osayezetsa.

Madzi a mumtsinje wa m'phiri amaoneka oyera mpaka kuona miyala pansi, koma wiritsani kapena thiranimo WaterGuard. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kutsegula m'mimba wamba kumafooketsa mwana m'maola ochepa. M'chikwama mukhale Thanzi, zinc, sopo ndi buku lake la kusikelo. Chakudya chikhale chimene anachizolowera: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata, mazira, nthochi. Chilichonse chimene watola amachiponya m'kamwa, ndiye bowa ndi zipatso zimene simukuzidziwa zimuchoke m'manja msanga. Musanakhome tenti yang'anani pansi ngati palibe njira ya linthumbu, ndipo kuwaza phulusa lozizira mozungulira, monga ankachitira amayi athu pakhomo, kumathandiza. Pewani udzu wautali chifukwa cha njoka, nkhupakupa ndi chitedze, kutumulani nsapato m'mawa musanamuveke.

Chomaliza pa zimenezi ndi mtunda wa kuchipatala. Mukangofika, funsani anthu a pamalopo kumene kuli chipatala chapafupi ndi pamene foni imagwira. Galimoto ikhale ndi mafuta, itayang'ana kumsewu. Mwana amene akutsokomola, akutsegula m'mimba kapena wangochira kumene asapite, ulendowo udikire. Khanda la miyezi yochepa nalonso ayi. Ndipo usiku woyamba wa mwana m'tenti usakhale wa kunkhalango. Kakhomeni tentiyo pabwalo la agogo ake kumudzi, nyumba ili pafupi, kuti akavuta mungolowa naye m'nyumba. Ife tinayambira pamenepo, ndipo apongozi anga ataona ndi maso awo mmene mwana wagonera, anangoti, "Koma chipewacho asavule," n'kutipatsa nsinjiro za paulendo.

Pali chinthu china chimene anthu a m'tauni amaiwala. Mapiriwa ali ndi eni ake. Ku Dowa ndi ku Ntchisi, kankhalango kowirira bwino kamene mukukaona pafupi ndi mudzi nthawi zambiri ndi manda, ndipo kumeneko n'kumene kumakhala dambwe la Gule Wamkulu. Mitengo yake inatsala chifukwa cha ulemu umenewo. Munthu amene angaone mthunzi wabwino n'kuimika tenti pamenepo wapalamula mlandu waukulu kwa mfumu ndi kwa mudzi wonse. Pitani kaye kwa a mfumu, dzitchuleni, fotokozani chimene mwadzera, akulozereni pogona. Ngati ndi m'nkhalango ya boma, pemphani chilolezo kwa ogwira ntchito za nkhalango ndipo musadule mtengo ngakhale umodzi. Nkhuku, mazira, nthochi ndi ndiwo zamasamba gulani kwa anthu a pomwepo mosanenerera kwambiri. Mapampasi ogwiritsidwa ntchito amangeni m'jumbo n'kubwerera nawo. Saola, agalu ndi nkhumba zimawamwaza, ndipo mtsinje umene mungawataye ndi womwe amayi a kumunsi amatungako madzi akumwa.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga akuti zonsezi n'za anthu a ndalama. Ulendo uliwonse umadya ndalama, makamaka masiku ano a mafuta okwera mtengo. Koma usiku wa m'tenti ndi wotsika mtengo kuposa chipinda cha kunyanja, chakudya mumaphika nokha, ndipo tenti imapezeka pa kaunjika kapena kubwereka. Mabanja awiri kapena atatu akhoza kusonkherana n'kumaigwiritsa ntchito mosinthana. Chimene chikusowa kwenikweni ndi malo. Malo ambiri ogona alendo m'dziko muno mitengo yake inaikidwa poganizira alendo akunja, ndipo banja la mphunzitsi kapena namwino limene likufuna kugona usiku umodzi m'phiri lili ndi kochepa koti lingapite.

Apa ndi pamene boma lingachitepo kanthu popanda kudikira mabiliyoni. Chaka chilichonse mu Sepitembala, mwezi wa zokopa alendo, timamva mfuu yakuti "Tidziyamba ndife a Malawi". Lamulo la nkhalango la 1997 limapereka mwayi wakuti anthu a m'midzi, kudzera m'makomiti awo osamalira zachilengedwe, azigwira ntchito limodzi ndi boma posamalira nkhalango ndi kupindula nazo. Lamuloli litakonzedwanso mu 2020, zilango za owotcha ndi ogulitsa makala popanda chilolezo zinakwera. Koma matumba a makala akutsikabe pa njinga kulowera ku Lilongwe, ndipo ogula ndife tomwe a m'tauni. Mnyamata wa m'mphepete mwa nkhalango amadula mtengo chifukwa ndi njira yokhayo imene mtengowo umamupatsira ndalama. Sindikunena kuti matenti a mabanja angathetse makala, vutolo ndi lalikulu ndipo muzu wake uli m'makhitchini athu. Koma mudzi umene umalandira kangachepe Loweruka lililonse kuchokera kwa anthu odzaona mitengo yoimirira umakhala ndi chifukwa chothamangitsira wobwera ndi nkhwangwa.

Malo ogona mabanja safuna zambiri. Pakhale bwalo losalazidwa la udzu waufupi, chimbudzi chaukhondo chokhala ndi chivundikiro ndi chitseko kuti mwana asagweremo, mjigo kapena mpopi, malo osonkhera moto ozunguliridwa ndi miyala, ndi mlonda wa m'mudzi momwemo. Mtengo wake ukhale wa makwacha, wolembedwa poyera, wokhala ndi lisiti, ndipo gawo lodziwika la ndalamazo lizitsala m'mudzi. Achinyamata amene amadziwa njira za m'phiri ndi mayina a mitengo ndi mbalame aphunzitsidwe kuperekeza alendo. Nkhalango za Kongwe ndi Dowa Hills zili pafupi ndi Lilongwe kuposa Ntchisi, ndipo pansi pa phiri la Kongwe pali kale sukulu ya sekondale ya Robert Blake, mpingo ndi msewu wofikako.

Ndikupempha makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, nthambi ya za nkhalango ndi mafumu a m'maderawa kuti akhale pansi n'kutsegula malo amodzi otere m'boma lililonse, mwezi wa Meyi usanafike. Ndipo inu makolo anzanga a ana aang'ono, musadikire kuti mwana akule kaye. Bwerekani tenti, yambirani pabwalo la agogo ake, kenako mupite naye kuphiri, koma mbaula izigona panja.